Phukusi Lamasiye

Magetsi abwera ku Kabwata wani koloko ya usiku.
Firiji yatsokomola, yayamba kung'ung'udza,
ine ndanyang'ama ngati wakuba m'nyumba yangayanga
kukayatsa kompyuta.

Mlamu wanga Yotamu ali ndi kontena ku Kamwala,
yachitsulo, yopaka utoto wobiriwira,
amagulitsamo machaja ndi maloko.
Atamva kuti nanenso ndili pa za makontena
anafunsa kuti yanga ndinaiimika mbali iti,
kukhonsolo ndimalipira zingati.
Ndinamuonetsa sikirini yakuda, zilembo zoyera zikutsetsereka.
Anasuzumira kuseri kwa laputopu
ngati kuti chitseko chili kumeneko.

Ndikanamuuza bwanji
kuti ndi chipinda chopanda njerwa
momwe pulogalamu imagona yokha
n'kumadziyesa mwini nyumba yonse,
osadziwa kuti kuseri kwa khoma kuli anzake makumi anayi,
onse akutunga pampopi umodzi?
Kuti ine sindimanga zipindazo,
ndimangonola zida za amisiri,
kuzikulunga, kulemba pamwamba:
ichi sichiyenda popanda chakuti,
ndipo chakuticho chisakhale cha dzana.

Phukusili ndinalitola lamasiye.
Amene ankalilera anasiya mizere iwiri:
ndatopa, kwathu kwabadwa mwana, wina atenge.
Linakhala miyezi isanu ndi inayi pamndandanda,
madandaulo akuunjikana
ngati makoko a kabichi kuseri kwa msika wa Soweto.
Ndinakweza dzanja.
Palibe amene anaomba m'manja.
Anangovomereza kiyi yanga.

Usiku uno eni ake kumtunda asintha dzina la fayilo imodzi,
imodzi yokha basi,
ndipo zigamba zanga zitatu zakana kumata.
Ndasoka. Ndamanga. Lagwa.
Ndasokanso.
Pa makina asanu ladutsa bwinobwino.
Pa achisanu ndi chimodzi,
mtundu umene sindinauonepo ndi maso,
ali m'chipinda chozizira kudziko kumene sindidzapondako,
lafera pamzere wa 2114
ndi liwu limodzi lofiira.

Bandulo ikutha.
Tionenji watembenuka pabedi:
"Kodi anthu amenewa amakulipira?"
Yankho akulidziwa.
Amangofunsa monga munthu amagwedezera loko
atakhoma kale.

Pali bambo wina, dzina lake limandipinda lilime,
walemba katatu sabata ino:
mwandiphera seva,
mumayesa n'komwe musanatulutse?
Ndamuyankha mwaulemu, ndapempha malogi.
Sanatumize.

Pali mayi Zelipa Mwanza, kalaliki pakiliniki ina ku Chilenje.
Sanalembepo kanthu. Sadziwa kuti ndilipo.
Tsiku lomwe ndinapita ndi mwana akutentha thupi
ndinaona pakona pa sikirini yawo
kanambala kamene ndinalemba ndekha mwezi wa Juni.
Anadina, dzina la mwana linatuluka,
anati, "Khalani apo, akuitanani."
Sindinanene kanthu.
Ndinakhala pabenchi, mtima ukuvina wokha.

Folo koloko, ndachipeza:
kamzere kopendekera kamodzi
kataima pamalo pa mnzake.
Maola atatu a moyo wanga
anathera pa kachinthu kochepa kuposa nyerere.
Ndalemba m'kaundula wa zosintha
tsiku, dzina langa, ndi mawu asanu ndi awiri
amene adzawerengedwa ndi anthu atatu,
mmodzi wa iwo ndine, chaka chamawa,
ndikudzifunsa kuti chitsiru chinachita izi ndani.
Ndasayina. Ndatumiza.

Pa Burma Road minibasi yoyamba yaliza hutala,
kondakitala akukuwa tauni, tauni, mawu akadali a tulo.
Firiji yatsokomolanso, yakhala chete.
Magetsi apita.

Batire yatsala ndi mphindi khumi.
Timagetsi tisanu tabiriwira.
Kachisanu ndi chimodzi kakadali kachikasu,
kakuzungulira, kakuzungulira.
Ndikusita malaya a ku ntchito yolipidwa ndi chikhatho,
diso limodzi lili pomwepo.